Ana Aulumali pa Bwalo la Masewero Kusukulu

Belu la masewero likalira pasukulu ya pulayimale, ana amathamangira kubwalo ali chigulu. Anyamata amakhamukira ku mpira wamiyendo, atsikana ku mpira wamanja kapena fulaye. Koma kawirikawiri pamakhala mwana mmodzi kapena awiri amene amatsala pansi pa mtengo, ndipo ntchito yomwe amapatsidwa ndi yolondera zikwama ndi nsapato za anzawo. Wina amayendera ndodo, wina saona bwino, wina amagwa khunyu. Palibe wamuthamangitsa. Dzina lake lili m'kaundula, m'kalasi amakhala limodzi ndi anzake, ndipo sukuluyo ikhoza kunena mosanama kuti imalandira ana onse. Nanga mwana ameneyu tinganene kuti ali m'gulu la anzake?

Funso lenileni

Nkhani ya masewero ndi ana aulumali ili ndi mbali ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Mbali yoyamba ndi ya thanzi: mwana aliyense amafunika kuthamanga, kutuluka thukuta ndi kulimbitsa minofu, kaya ali ndi ulumali kaya alibe. Mbali yachiwiri ndi ya ubale: bwalo ndi malo amene ana amasankhirana abwenzi, amadziwana mphamvu, amakangana n'kugwirizananso. Mwana akhoza kupeza mbali yoyamba popanda yachiwiri, monga pamene dokotala wa mafupa ndi minofu akumuphunzitsa kuyenda m'chipinda chayekha. Akhozanso kuimitsidwa pakati pa bwalo kwa ola lathunthu, mpira osamufika ngakhale kamodzi, n'kubwerera m'kalasi asadapeze ndi imodzi yomwe.

Choncho kukhala pamalo amodzi ndi kusewera limodzi ndi zinthu zosiyana. Mwana amakhala m'gulu pamene ali ndi gawo limene masewerowo akulifuna, moti iye akachoka anzake amazindikira kuti pachepa munthu.

Mawu akuti ulumali nawonso amafuna kuwamvetsa bwino. Kale ulumali unkaonedwa ngati vuto lokhala m'thupi la munthu basi, lofunika kuchiza kapena kumvera chisoni. Masiku ano kamvedwe kamene kali m'mapangano a mayiko ndi kakuti ulumali umabwera pamene vuto la m'thupi lakumana ndi chotchinga. Mwana wosamva amathamanga ngati wina aliyense. Chimene chimamulepheretsa mpira ndi wenzulo ya oyimbira imene iye saimva. Oyimbirayo akanyamulanso kansalu kokweza m'mwamba, vuto latha ngakhale makutu a mwanayo sadasinthe. N'chifukwa chakenso mawu monga chilema kapena chitsiru, amene amaika munthu m'gulu la zinthu, akusiyidwa, ndipo tikumati mwana waulumali.

Ana amenewa si ochepa. Mu 2021 bungwe la UNICEF lidalengeza kuti ana pafupifupi 240 miliyoni padziko lonse ali ndi ulumali, kutanthauza mwana mmodzi mwa khumi aliwonse. Kalembera wa anthu wa mu 2018 ku Malawi adapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wamtundu wina, ndipo anthu achialubino adalipo 134,636. Ana ena amabadwa nawo, ena amaupeza pambuyo pa malungo a muubongo, ngozi ya pamsewu kapena kupsa ndi moto. Akuluakulu adaziona kale zimenezi pamene ankati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza.

Kumene zidachokera

Pa masewero a anthu aulumali, anthu osamva ndiwo adatsogola. Mpikisano wawo woyamba wa mayiko osiyanasiyana udachitikira ku Paris mu 1924, ndipo ukupitirirabe pansi pa dzina la Deaflympics. Koma chimene chidasintha kwambiri maganizo a madokotala ndi Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, imene idasiya asilikali ambiri atathyoka msana kapena atachita khungu. Mu 1944 dokotala Ludwig Guttmann, Myuda amene adathawa kuchokera ku Germany, adatsegula chigawo cha ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Nthawi imeneyo ovulala msana ambiri ankafa msanga ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera malo amodzi ndi matenda a m'chikhodzodzo. Guttmann adawadzutsa pabedi, nawapatsa masewero ngati mbali ya mankhwala. Pa 29 July 1948, tsiku limene mpikisano wa Olympics unkatsegulidwa ku London, odwala 16 okhala pa njinga za olumala adapikisana kuponya mivi pa chipatalapo. Kuchokera pamenepo padabadwa mpikisano wa Paralympics, umene udachitika koyamba ku Rome mu 1960, ndi osewera pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23.

Ana amene nzeru zawo zimakula pang'onopang'ono adatsalira kufikira 1968, pamene Eunice Kennedy Shriver adayambitsa Special Olympics ku Chicago. Bungwe lomweli pambuyo pake lidabweretsa matimu osakaniza otchedwa Unified Sports, momwe aulumali ndi opanda ulumali amavala yunifomu imodzi.

Zonsezi zidayambira m'zipatala ndi m'mipikisano yapadera. Kusukulu zidafika mochedwa, chifukwa ana aulumali ankaphunzira kwaokha, kapena osaphunzira n'komwe. Mu 1978 bungwe la UNESCO lidavomereza chikalata chonena kuti maphunziro olimbitsa thupi ndi masewero ndi ufulu wa munthu aliyense. Mu 1994, ku Salamanca m'dziko la Spain, maboma 92 adagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse ndi kuzisintha kuti ziwayenere. Kenaka mu 2006 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali. Ndime 24 ya panganoli imakamba za maphunziro, ndipo ndime 30 imatchula mwachindunji kuti ana aulumali akhale ndi mwayi wofanana ndi anzawo pa kusewera, kusangalala ndi masewero, kuphatikizapo zochitika za kusukulu.

Mmene zilili ku Malawi

Maphunziro a ana aulumali ku Malawi adayamba ndi amishoni, m'sukulu za ana osaona monga ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Lulwe ku Nsanje, kenaka za ana osamva monga Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Aphunzitsi a ana otere amaphunzitsidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana ambiri aulumali adalowa m'sukulu za pafupi ndi kwawo, m'makalasi odzaza kale. Dziko lidavomereza pangano la United Nations lija mu 2009, lidakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo unduna wa zamaphunziro udatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021. Pa masewero apamwamba, Taonere Banda, wothamanga amene saona bwino, adakhala Mmalawi woyamba kupikisana pa Paralympics, ku Rio de Janeiro mu 2016.

Pa pepala zinthu zili bwino. Vuto lili pa malo amene masewero ali nawo pasukulu. Ku pulayimale, zolimbitsa thupi zidaikidwa m'phunziro lotchedwa Expressive Arts, pamodzi ndi kuimba, kuvina, kujambula ndi zisudzo. Mayeso a Sitandade 8 ndi olemba, choncho mphunzitsi amene akuthamangitsa silabasi saona phindu lotulutsa ana panja. Masewero akachitika, nthawi zambiri amakhala okonzekeretsa timu ya sukulu kukakumana ndi sukulu ina. Timu imafuna ana 11 kapena 7 odziwa kwambiri, ndipo ena onse amakhala oonerera. Pamenepa mwana waulumali ndiye woyamba kutsala, koma sali yekha: wonenepa, wamanyazi ndi wodwaladwala amatsala naye.

Zimene zikudziwika bwino

Pa thanzi palibe mkangano. Mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, lidatulutsa malangizo amene kwa nthawi yoyamba adatchula anthu aulumali. Malangizowo amati ana a zaka 5 mpaka 17, aulumali ndi opanda ulumali, azichita zolimbitsa thupi zofulumizitsa mtima pafupifupi mphindi 60 patsiku, ndipo masiku atatu pamlungu azichita zamphamvu kwambiri ndi zolimbitsa minofu ndi mafupa. N'zodziwikanso kuti ana aulumali amachita zimenezi mocheperapo poyerekeza ndi anzawo.

Kukhala pansi kumeneku kumawonjezera ulumali. Minofu yosagwira ntchito imafooka, mfundo za m'thupi zosapindidwa zimauma, ndipo mafupa osasenza kulemera sakhwima bwino. Mwana akafooka amatopa msanga, akatopa msanga anzake samusankha, ndipo posasankhidwa amapitiriza kukhala pansi. Patapita zaka zingapo, zimene akulephera zimakhala zambiri kuposa zimene ulumali wake ukanamuletsa. Kwa ana amene ubongo wawo udavulala pobadwa, omwe minofu yawo imakungika, kale anthu ankaopa kuti zolimbitsa minofu ziwonjezera kukungikako. Kafukufuku adaonetsa kuti mantha amenewo adalibe maziko.

Pali china chimene chimaphunziridwa pabwalo pokha. Kuponya, kuwakha, kudumpha ndi kudikira nthawi yako sizibwera zokha. Mwana amazidziwa pozichita kambirimbiri. Mwana wosaona, amene sangatengere poona anzake, amafunika kumugwira dzanja ndi kumufotokozera. Akapanda kupeza mwayi umenewu ali wamng'ono, amakula akuopa malo otakasuka, ndipo mantha omwewo amamulepheretsa kupita yekha kumsika kapena kuchigayo.

Kodi kusewera limodzi kumathetsa tsankho?

Apa ndi pamene anthu ambiri amalonjeza zoposa zimene zikudziwika. Ganizo lakuti kukumana kumachepetsa tsankho lidafotokozedwa bwino ndi Gordon Allport, katswiri wa ku America, mu 1954. Koma iye adaikapo zofunika zinayi: magulu awiriwo akumane ngati ofanana, akhale ndi cholinga chimodzi, adalirane kuti achikwaniritse, ndipo akuluakulu aonetse kuti akugwirizana nazo. Zimenezi zikasowa, kukumana kukhoza kukulitsa tsankho lomwe lidalipo.

Bwalo limaonetsa zimenezi poyera kuposa kalasi. M'kalasi mwana akalakwa masamu amadziwa ndi iye ndi mphunzitsi. Pabwalo thupi lili pamaso pa aliyense. Atsogoleri a matimu akamasankha osewera mmodzimmodzi, mwana wotsala pomaliza amauzidwa mtengo wake popanda wolankhula. Timu ikagonja chifukwa mpira udadutsa pa iye, anzake amapeza umboni wa zimene ankaganiza kale.

Mu 2000 akatswiri awiri a ku Canada, Donna Goodwin ndi Jane Watkinson, adafunsa ana aulumali eni ake za phunziro la masewero. Anawo adalankhula za masiku abwino ndi masiku oipa. Tsiku labwino linali limene adadzimva kuti ali m'gulu ndipo adaonetsa luso lawo. Tsiku loipa linali limene adasalidwa, kukayikiridwa, kapena kuletsedwa kuchita nawo. Mwana yemweyo, pasukulu yomweyo, ankakumana ndi masiku a mitundu iwiriyi malinga ndi mmene phunzirolo lakonzedwera. Kafukufuku wina wambiri wapeza kuti maganizo a ana opanda ulumali amasintha pambuyo posewera limodzi, koma kusinthako sikufanana paliponse, ndipo sikuti nthawi zonse kumafika pa ubwenzi wa kunja kwa sukulu. Komanso kafukufuku wochuluka adachitikira ku America ndi ku Ulaya, m'makalasi aang'ono okhala ndi zipangizo, osati m'kalasi ya ana oposa 100 ndi mpira umodzi.

Pamodzi kapena paokha?

Mkangano waukulu uli apa. Gulu loyamba limati ana onse azisewera limodzi nthawi zonse, chifukwa kupatula kulikonse kumaphunzitsa ana kuti pali anthu amitundu iwiri. Gulu lachiwiri limati masewero apadera ali ndi phindu limene osakaniza sangapereke. Mwana woyenda pa njinga akapikisana ndi anzake a pa njinga amapambana kapena kugonja moona, popanda womulekerera, ndipo amakumana ndi akuluakulu onga iye amene angawatsanzire. Anthu osamva ambiri amadziona ngati mtundu wokhala ndi chinenero chakechake cha manja, ndipo n'chifukwa china chimene mpikisano wawo udakhalabe paokha. Kwa mwana wosamva, bwalo limene aliyense akulankhula ndi manja ndilo limamumasula.

Palinso dandaulo lakuti kusintha malamulo kumachepetsa kukoma kwa masewero kwa ana ena. Dandauloli si lopanda pake. Mphunzitsi akalamula kuti chigoli sichiwerengedwa mpaka mpira utadutsa kwa mwana waulumali, anzake akhoza kumamuponyera mokakamizika, ndipo iye amadziwa. Chifundo chooneka chotere chimapweteka ngati kusalidwa komwe.

Akatswiri a ku Britain, Ken Black ndi Pam Stevenson, adapereka njira yapakati imene yafala kwambiri. Iwo amati pali njira zingapo, ndipo mphunzitsi azisinthasintha m'phunziro limodzi. Nthawi zina onse amachita chinthu chimodzi chosafuna kusintha, monga kuvina kapena kutenthetsa thupi. Nthawi zina amachita chinthu chimodzi chosinthidwa. Nthawi zina amagawidwa m'timagulu malinga ndi luso, aliyense pa msinkhu wake. Nthawi zina mwana amayeserera payekha luso limene adzaligwiritse ntchito m'gulu. Ndipo nthawi zina kalasi yonse imasewera masewero a anthu aulumali. Njira imeneyi ndi yanzeru, bola kupatula kukhale kwa kanthawi, kwa cholinga chodziwika, ndipo mwanayo afunsidwe. Kufunsa mwana ndiko kumaiwalika kwambiri, pomwe iye ndi amene amalidziwa thupi lake kuposa mphunzitsi.

Kusintha masewero ndi zimene zilipo

Pali zinthu zinayi zimene mphunzitsi angasinthe: malo, ntchito, zipangizo ndi anthu.

Malo akachepa, kuthamanga kumachepa mphamvu ndipo luso loponya limakwera mtengo. Mpira wamanja uli kale ndi mwayi umenewu, chifukwa wosewera aliyense ali ndi chigawo chake ndipo wogwira mpira sathamanga nawo. Mwana woyendera ndodo kapena njinga akhoza kukhala woponya zigoli weniweni, ndipo womutchinga akhoza kuuzidwa kuima patali pang'ono kuposa masiku onse. Bwalo lichotsedwe miyala, zitsa ndi maenje, ndipo malire a mwana wosaona bwino alembedwe ndi phulusa kapena laimu.

Zipangizo sizifuna ndalama zambiri monga anthu amaganizira. Masewero a goalball, amene Hanz Lorenzen ndi Sepp Reindle adayambitsa mu 1946 pothandiza asilikali ochita khungu, amaseweredwa ndi anthu atatu mbali iliyonse, onse omangidwa m'maso, ndi mpira wokhala ndi mabelu mkati. Mpira wachikulunga wokulungiramo kachitini ka timiyala kapena zitsekero za mabotolo umalira mokwanira, ndipo chidutswa cha chitenje chimamanga m'maso. M'masewero amenewa mwana wosaona ndiye katswiri, ndipo anzake amaphunzira kwa iye. Zofunika za Allport zija zimakwanira zonse pakamodzi. Chimodzimodzi volebo yokhala pansi, imene idayambira ku Netherlands mu 1956: chingwe chomangidwa motsika ndi pamalo osalala n'zokwanira. Masewero a boccia, oponya timipira kuti tiyandikire kampira kachizindikiro, amayenera ana amene manja awo ndi ofooka, ndipo timatumba ta mchenga timagwira ntchito yomweyo.

Pa ntchito, masewero athu akumudzi nawonso amasinthika. Pa fulaye, mwana wosatha kudumpha akhoza kukhala woponya, umene ndi udindo waukulu. Pa jingo, wopukusa chingwe ndiye amalamula liwiro. Koma mwana asamangirizidwe pa gawo limodzi chaka chonse, ndipo bawo kapena kulemba zigoli zisalowe m'malo mwa masewero otulutsa thukuta.

Pa anthu, timagulu ting'onoting'ono timathandiza kuposa china chilichonse. Mpira wa ana atatu mbali iliyonse umafika kwa aliyense. Wa ana 20 mbali iliyonse umazungulira mwa anayi okha. Mphunzitsi azigawa yekha matimu. Mnzake wothandiza mwana waulumali, monga wothamanga naye atagwirizana kachingwe, azisinthidwa, kuti asasanduke mlezi.

Chitetezo popanda mantha

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amaletsa mwana kusewera chifukwa chomukonda. Zoopsa zenizeni zilipo, koma ndi zochepa ndipo zimapeweka. Mwana wachialubino amapsa ndi dzuwa, ndipo kupsa kobwerezabwereza kumabweretsa khansa ya pakhungu. Azisewera m'mawa, madzulo kapena pamthunzi, atavala chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu. Popeza ambiri saona bwino, mpira ukhale wowala ndipo asayang'anizane ndi dzuwa. Mwana wa khunyu amene akumwa mankhwala akhoza kusewera pafupifupi masewero onse. Chofunika kusamala ndi kusambira ndi kukwera pamwamba. Akagwa, achotseredwe zinthu zomuvulaza, agonekedwe cham'mbali kugwedezeka kukatha, ndipo asaikidwe kanthu m'kamwa. Khunyu sapatsirana, ngakhale kudzera m'malovu, ndipo ana onse ayenera kuuzidwa zimenezi asanathawe mnzawo. Ana ena a Down syndrome amakhala ndi mfundo yofooka m'khosi, choncho aonedwe ndi achipatala asanayambe kugadabuka kapena kumenya mpira ndi mutu. Mwana amene miyendo yake simva kukhudza ayang'anidwe khungu akatha kusewera, chifukwa chilonda chimene sakuchimva chimakula.

Ndani agwire ntchitoyi

Aphunzitsi a Montfort ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zimene zilipo, ndipo ntchito yawo yaikulu imathera pa zilembo za anthu osaona, chinenero cha manja ndi maphunziro a m'kalasi. Amene amatulutsa ana kubwalo ndi mphunzitsi wamba. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amagwirizana pa mfundo imodzi: aphunzitsi amavomereza kuti ana onse azisewera, koma amadziona osakonzeka, ndipo mantha awo amachepa akayeserapo ndi ana enieni pa nthawi ya maphunziro awo. Zikutanthauza kuti malo oyambira ndi makoleji a aphunzitsi ndi misonkhano yawo ya m'mazoni, kumene munthu angaphunzire kukulunga mpira wolira ndi kugawa kalasi yaikulu m'timagulu.

Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi angathe kusalaza bwalo, kukonza njira yochokera m'kalasi, ndi kulankhula ndi makolo amene akuopa. Chimbudzi chimene mwana wa pa njinga angalowemo ndi mbali ya nkhani yomweyi, chifukwa mwana amene akupewa kumwa madzi kuti asafune chimbudzi sangathamange padzuwa. Mabungwe a anthu aulumali eni ake, monga FEDOMA ndi APAM, ali ndi akuluakulu amene adadutsa m'sukulu zomwezi, ndipo akhoza kuitanidwa kudzaphunzitsa.

Poyeza ngati zikuyenda, kaundula sathandiza kwenikweni. Mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa zamaphunziro aime pambali pa bwalo kwa mphindi khumi, asankhe mwana mmodzi waulumali, ndipo awerenge kuti wakhudza mpira kangati, wayenda mphindi zingati, ndi kuti anzake amuitana ndi dzina kangati. Abwerenso pa nthawi yopuma, pamene palibe mphunzitsi wolamula, aone ngati mwanayo akusewera ndi anzake kapena wabwerera pansi pa mtengo paja.